Mnzanu wa pa Facebook ndi wa ndalama zingati?

Loweruka lapitali nditadzuka ndinapeza foni ikundiuza kuti wina wanditaga pa Facebook. Nditatsegula ndinakumana ndi chithunzi cha nkhuku yokazinga ndi tchipisi, mafuta ali nyezinyezi, pa tsamba la malo ena odyera a m'tauni muno. Pansi pake panali malamulo a mpikisano: laikani tsamba lathu, sherani chithunzichi, tagani anzanu asanu, mmodzi wamwayi adzadya ulere pamodzi ndi anzake atatu. Amene ananditagayo ndi mwana wa achemwali anga, mnyamata wa Fomu 3 amene ndimakhala naye pakhomo. Dzina langa linali lachisanu pa mndandanda wake.

Tikumwa tiyi ndinamufunsa kuti zatani kuti ndipezeke pa nkhuku za anthu. Iye akuseka anati, "Amalume musadandaule, anzanga enawo anali atatagidwa kale ndi anthu ena, ndiye ndimangofuna kuti chiwerengero chikwane." Ndiye kuti ine, ndi digiri yanga ya uphunzitsi, ndinali wongokwaniritsa chiwerengero basi. Ndinaseka nanenso, koma nkhaniyi inandikumbutsa chinthu china chimene chinachitika ku America zaka zambiri zapitazo, ambiri a inu musanabadwe kapena mukuyamwa, ndipo ndakhala ndikufuna kuti tsiku lina tichiwerengetsere limodzi.

Mu Januwale 2009 kampani ya Burger King, yogulitsa ma burger ndi tchipisi, inaika kapulogalamu pa Facebook kotchedwa Whopper Sacrifice. Whopper ndi dzina la burger yawo yaikulu, bumbu la nyama ya ng'ombe yogaya lili pakati pa banzi, ndipo mawu achiwiriwo amatanthauza nsembe. Lamulo lake linali losavuta. Chotsa anzako khumi pa Facebook, tikupatsa kuponi ya Whopper imodzi yaulere. Mukudziwa mmene anthu amaimira pa mzere akamva za makuponi, kaya ndi a feteleza kaya a chiyani. Kumenekonso anthu anathamangira. Pasanathe milungu iwiri anthu oposa 82,000 anali ataika kapulogalamuko, ndipo anzawo 233,906 anali atachotsedwa.

Chimene chinakometsa nkhani n'chakuti Facebook payokha simuuza munthu kuti wachotsedwa. Umangozindikira wekha patapita miyezi kuti uje sukumuonanso. Koma kapulogalamu ka Burger King kankalengeza. Wochotsedwayo ankauzidwa kuti wakuti wakupereka nsembe chifukwa cha Whopper. Facebook sinakondwe nazo, inati zikuphwanya chinsinsi cha anthu ake, ndipo inaletsa mbali yolengezayo. Burger King itaona choncho inangotseka mpikisano wonse. Chaka chomwecho mtanthauziramawu wa New Oxford American Dictionary anasankha unfriend, kutanthauza kuchotsa mnzako pa tsamba la mchezo, kukhala mawu a chaka.

Atolankhani anachita masamu amene nonse mungachite. Whopper inkagulidwa pafupifupi $3.69. Gawani ndi 10. Mupeza masenti 37 a ku America. Nyuzipepala ya New York Times inaika nambala imeneyi pa mutu wa nkhani, kuti mnzako wa pa Facebook mtengo wake ndi pafupifupi masenti 37. Nambalayi inayenda kwambiri chifukwa ndi yoseketsa komanso imagwirizana ndi zimene akuluakulu amakonda kunena, zoti chinansi cha pa foni n'chabechabe.

Ine ndikuti kugawako n'kolondola koma muyesowo ndi wolakwika, ndipo wophunzira wanga atandibweretsera lipoti la labu lotere sindingamupatse mamalikisi onse.

Paja tikamayamba Fizikisi timayamba ndi kuyeza, ndipo ndimakuvutitsani ndi funso limodzi mpaka kutopa nalo: chipangizo chakochi chayeza chiyani kwenikweni? Tiyerekeze kuti mwapita kwa mlimi amene ali ndi mbuzi 120, n'kumuuza kuti akupatseni mbuzi khumi pa mtengo wotsika, koma asankhe yekha. Kodi akupatsani mkota wa bere? Ayi ndithu. Akutolerani yotsimphina, yokalamba, ndi ija imadya chimanga cha eni ake n'kumamulipitsa kwa amfumu. Inu mukatenga mtengo wa mbuzi zimenezo n'kulengeza kuti ndiwo mtengo wa mbuzi za m'khola lonse, mwanamiza anthu. Nambala ya 120 sindinaitole pamsewu. Nthawi imeneyo ofufuza a ku Facebook komweko ankanena kuti munthu mmodzi ankakhala ndi anzake pafupifupi 120 tikatenga avereji. Pa anthu 120 sungalephere kupeza khumi amene sukumbukiranso kumene munakumana.

Vuto lachiwiri n'lakuti masenti 37 aja ndi denga chabe. Munthu akavomera kusinthanitsa anzake khumi ndi burger, chimene tadziwa n'chakuti kwa iye anthu khumiwo sankaposa mtengo wa burger. Mwina anali a masenti 30, mwina a ziro, mwinanso anali anthu omusowetsa mtendere amene akanawachotsa ngakhale popanda kupatsidwa kanthu. Zili ngati sikelo imene imangokuuza kuti thumba ili silikupitirira makilogalamu 50, osakuuza ngati muli makilogalamu 49 kapena muli mpweya wokhawokha.

Ndiye pali amene anakana. Mwezi womwewo Facebook inalengeza kuti yafika anthu 150 miliyoni. Kuponi inali ya anthu a ku America okha, komabe ngakhale titachotsa a mayiko ena onse, otsalawo anali mamiliyoni ambirimbiri. Oposa 82,000 aja ndi kadontho. Onse amene anaona mpikisanowo n'kunena kuti za ziii, anzanga sindingawasinthanitse ndi banzi, sali mu masamu a masenti 37. Kafukufuku amene amangowerenga ovomera okha amapeza nthawi zonse kuti anthu amavomera.

Koma nambalayi sindikufuna kuitaya, chifukwa ilipo ndithu imene inayeza. Tangoikani maso ku mbali ya wogulitsa. Anzawo 233,906 ochotsedwa tikawagawa ndi 10 tipeza kuti ma burger aulere sakanapitirira 23,390. Pa $3.69 iliyonse ndi ndalama zosakwana $87,000, ndipo umenewo ndi mtengo wa pa kauntala, pamene kampani ikapanga burger yake yomwe imawononga zochepa kuposa pamenepo. Pa ndalama zimenezi inagula chiyani? Inagula mauthenga 233,906 otsatsa malonda, uliwonse wopita kwa munthu mmodzi, uli ndi dzina la munthu amene iye akumudziwa, komanso woboola mtima moti sangaunyalanyaze. Chikwangwani cha m'mbali mwa msewu umachidutsa osachiona. Uthenga woti mnzako wakugulitsa chifukwa cha banzi umauwerenga kawiri, kenako umaonetsa amene wakhala naye pafupi. Choncho masenti 37 ndi ndalama imene Burger King inali yokonzeka kulipira kuti ibwereke dzina la munthu n'kukagogoda nalo pakhomo la mnzake.

Ndipo onani ichi. Gawani 233,906 ndi 82,000. Mupeza pafupifupi 2.8. Zikutanthauza kuti avereji ya anzawo amene munthu mmodzi anachotsa sinafike n'komwe pa atatu. Ambiri anayamba, n'kulekera panjira asanakwanitse khumi. Amenewo burger sanaione, koma mauthenga awo anali atapita kale. Anagwira ganyu yaulere.

A Fomu 4 mukuiona kale nkhaniyi kumene ikupita. Nyukiliyasi ya uranium-235 ikamenyedwa ndi neutron imodzi imasweka, n'kutulutsa mphamvu pamodzi ndi ma neutron ena awiri kapena atatu. Ma neutron amenewo akakamenya ma nyukiliyasi ena, nawonso amasweka n'kutulutsa ena. Funso lalikulu limakhala lakuti pa kusweka kulikonse, ndi kusweka kwina kungati kumene kukubadwa. Kukakhala kochepera kumodzi, moto umazilala wokha. Kukapitirira kumodzi, ngakhale pang'ono chabe, zinthu zimakula mofulumira modabwitsa. Mu Whopper Sacrifice, uthenga wopita kwa wochotsedwa ndiwo unali neutron. Wochotsedwa amapsa mtima kapena kuseka, amatsegula kuti aone, nayenso amachotsa ake. (Zoti 2.8 ija ikufanana ndi ma neutron awiri kapena atatu zangochitika, musakalembe pa mayeso kuti ndi lamulo la chilengedwe.) M'malo opangira magetsi a nyukiliya amalowetsa ndodo za boron kapena cadmium zimene zimameza ma neutron kuti moto usapitirire muyeso. Facebook italetsa kulengeza kuja inalowetsa ndodo zoterozo. Kuponi ikanatha kukhalapobe, anthu akanathabe kuchotsa anzawo mwakachetechete n'kukadya. Koma kampani inatseka zonse, ndipo apa m'pamene mungadziwire chimene inkafuna pachiyambi pomwe.

Mpikisano umene mphwanga ananditagamo ndi mdzukulu wa umenewo, kungoti watembenuzidwa. M'malo mochotsa anzako, ukuwaitana. Tiyerekeze kuti anthu 1,000 apikisana nawo, aliyense wataga asanu. Mafoni 5,000 alira, ena kangapo. Mphoto ndi imodzi. Mwayi wa mphwanga ndi umodzi pa 1,000, ndipo bandulo imene akuonera ngati wapambana ndi yogula ndi ndalama zanga. Anthu a Burger King aja bola, aliyense wokwanitsa khumi ankadya ndithu.

Tsono tibwere ku funso limene lili pamutupo. Kodi anzathu a pa intaneti ali ndi phindu?

Amene amati alibe ali ndi umboni wawo, ndipo si wopeputsa. Katswiri wina wa ku Britain, Robin Dunbar, anayerekeza kukula kwa mbali ina ya ubongo wa anyani a mitundu yosiyanasiyana ndi kukula kwa magulu amene anyaniwo amakhalamo. Anaona kuti ziwirizi zimayendera limodzi, ndipo mu 1992 atawerengetsera ubongo wa munthu anapeza nambala yoyandikira 150. Iye amati amenewo ndiwo anthu amene munthu angasunge nawo ubale weniweni pa nthawi imodzi, ndipo mkati mwa 150 muli timagulu: apamtima pafupifupi 5, kenako 15, kenako 50. Akatswiri ena amatsutsa nambala ya 150, amati masamu ake ndi otakasuka kwambiri moti sangatulutse nambala imodzi yokhazikika, ndipo mkangano umenewu ndi wabwino, ndi mmene sayansi imayendera. Koma mu 2016 Dunbar anafalitsa kafukufuku wa anthu akuluakulu a ku Britain ogwiritsa ntchito masamba a mchezo. Gulu lina linali ndi avereji ya anzawo 155 pa Facebook, koma atafunsidwa kuti ndi angati amene angawadalire zinthu zitavuta, yankho linali pafupifupi 4. Facebook imalola anzako mpaka 5,000. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukulimbana kuti mufike pamenepo. Mukadwala malungo usiku, pa 5,000 amenewo obwera ndi njinga kudzakutengani mukhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Zimenezo n'zoona. Koma kunena kuti otsalawo ndi achabechabe kuli ngati kunena kuti popeza waya wopyapyala sangakoke ngolo ndiye kuti alibe ntchito. Waya wopyapyala ndi amene amanyamula uthenga.

Mu 1973 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku America, Mark Granovetter, analemba pepala lotchuka lotchedwa The Strength of Weak Ties, lonena za mphamvu ya maubale ofooka. Anafunsa anthu a ku Newton, pafupi ndi mzinda wa Boston, amene anali atangopeza ntchito, kuti anaimva kwa ndani. Mwa amene anaimva kudzera mwa munthu, pafupifupi mmodzi yekha pa 6 aliwonse ndiye anaimva kwa munthu amene ankaonana naye kawirikawiri. Ena onse anaimva kwa anthu oonana nawo mwa apo ndi apo, kapena kamodzi pachaka kaya osafika n'komwe. Chifukwa chake n'chomveka mukachiganizira. Anzako apamtima amadziwana okhaokha, amayenda kumene iwe umayenda, amamva zimene iwe wamva kale. Nkhani yatsopano imachokera kwa munthu amene mwendo wake wina uli m'gulu lina.

Ndikanakhala woyesa mayeso ndikanamudandaula Granovetter kuti anthu amene anawafunsa funso limeneli anali ochepa, makumi asanu ndi mphambu chabe. Koma mu 2022 magazini ya Science inafalitsa zotsatira za kuyesa kumene kunachitika pa LinkedIn, tsamba la anthu ofuna ntchito, kwa zaka zisanu, pa anthu pafupifupi 20 miliyoni. Kumeneko ankasintha anthu amene tsambalo limakulozera kuti mwina ukuwadziwa: ena ankalozeredwa kwambiri anthu oyandikana nawo, ena anthu otalikirako. Anapeza kuti ntchito zatsopano zinkabwera kwambiri kudzera m'maubale ofookerapo, ngakhale kuti osati ofookeratu. Wodziwana naye pang'ono ankathandiza kuposa mnzako wapamtima, komanso kuposa mlendo weniweni. Kumbali ina, anthu 20 miliyoniwo sanafunsidwe mwachindunji ngati akufuna kuyeserapo, ndipo ena anadandaula nazo. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ine ndili ndi umboni wanga waung'ono. Chaka changa choyamba cha uphunzitsi ndinatumizidwa ku sukulu imene labu yake inali chipinda chokhala ndi matebulo ndi kabati yokhoma, mkati mwake muli mabatire akufa ndi ma ammeter awiri, imodzi singano yake yosasuntha. Ndinkaphunzitsa magetsi ndi choko basi. Tsiku lina ndinadandaula m'gulu lina la aphunzitsi a sayansi pa Facebook. Anandiyankha mayi wina wa ku Zambia amene sindinakumanepo naye mpaka lero, mawu ake sindiwadziwa n'komwe. Anandiuza za PhET, timapulogalamu taulere ta yunivesite ya Colorado Boulder toyeserera za labu pa kompyuta, timene anayambitsa Carl Wieman, wolandira mphoto ya Nobel pa Fizikisi. Anandifotokozeranso kuti ndikhoza kutikopera pa flash n'kumatigwiritsa ntchito popanda intaneti. Sabata yotsatira ana 70 anaunjikana pa laputopu yanga imodzi kuona babu likuwala kwambiri ndikawonjezera batire. Anzanga apamtima, amene anandiperekeza pa maliro a bambo anga n'kugona nane panja, sakanandiuza za PhET chifukwa nawonso sankazidziwa. Mayi uja sadzabwera pa maliro anga, ndipo inenso sindidzamva za ake. Koma ndikanakhala ndi njala mu 2009 wina n'kundiuza kuti sankha khumi, munthu ngati iyeyo ndi amene akanakhala woyamba kupita.

Apa ndimakumbukira lamulo la Hooke. Sipuling'i ukaikoka imatalika, ukaisiya imabwerera, bola usapitirire malire ake. Ukapitirira, imakhala yopindika mpaka kalekale. Sipuling'i yolimba imapirira mphamvu yaikulu, yofewa imawonongeka ndi kukoka kochepa. Palibe chimene chinkaletsa munthu kuchotsa mnzake wapamtima, kukatenga burger, madzulo n'kumutumiziranso friend request, awiriwo n'kuseka. Ubale wotero umabwerera. Koma munthu amene munakumana kamodzi pa mpikisano wa sayansi wa masukulu, akalandira uthenga woti wamupereka nsembe, sabweranso, ndipo iwe sungalimbe mtima kukamupemphanso. Ndiye kuti maubale amene anafadi mu mpikisano uja ndi ofooka aja, omwe Granovetter akuti ndiwo amabweretsa nkhani za ntchito.

Kutaga sikupha ubale mwachangu choncho, koma kumaukoka. Munthu amene mwangodziwana pang'ono ukamutaga pa nkhuku lero, pa pizza sabata yamawa, pa mpikisano wa mayunitsi mkuja, amayamba kuona dzina lako n'kumangodutsa. Ena amakutseka pakamwa mwakachetechete, iwe osadziwa. Tsiku limene udzafunse za malo ogona pafupi ndi koleji imene wasankhidwirako, uthenga wako udzagwera m'dzenje lomwelo.

Mphwanga nditamuuza zimenezi anandiyankha mfundo imene sindinathe kuikana yonse. Anati, "Koma amalume, nanga aja a chiwaya pa siteji akaika pa status kuti tchipisi chapsa, inu simumashera?" Zoona, ndimashera. Ndimamudziwa mnyamatayo, ndinadyapo tchipisi chake, ndikudziwa kuti mafuta amasintha asanade bii, ndipo ndikauza mnzanga kuti kagule kumeneko ndikunena chimene ndachiona. Kutsatsa malonda si tchimo. Geni iliyonse imafuna kudziwika, ndipo kuuzana za malo abwino odyera anthu anayamba kalekale mafoni kulibe. Kusiyana kwake n'kwakuti pa mpikisano uja mphwanga sananene chilichonse chimene akudziwa. Nkhuku ya kumeneko sanailawepo. Dzina lake linagwira ntchito ya umboni pa mlandu umene sanauone.

Ndipo pali chifukwa chimene makampani a zakudya zoterezi amakondera inu achinyamata kuposa ine. Tiyeni tiwerenge mphamvu pang'ono, poti ndi ntchito yathu. Whopper imodzi ya ku America ili ndi ma kilocalorie pafupifupi 670. Kilocalorie imodzi ndi ma joule pafupifupi 4,200, ndiye tikachulukitsa tipeza ma joule pafupifupi 2,800,000. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa 20°C kufika pa 100°C kumafuna 4,200 kuchulukitsa ndi 80, amene ndi ma joule 336,000. Choncho mu burger imodzi muli mphamvu yokwana kufikitsa malita 8 a madzi powira. Kapena titenge mgh. Wophunzira wa makilogalamu 50 akakwera mita imodzi wagwira ntchito ya ma joule 500. Thupi likanakhala makina osataya kanthu, burger imodzi ikanamukweza mamita 5,600, kupitirira kutali nsonga ya Sapitwa imene ili pa mamita 3,002. Koma minofu yathu imasandutsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya chakudya, yotsalayo imatuluka ngati kutentha, n'chifukwa chake mumatuluka thukuta. Ndiye tinene mamita 1,400. Ndi ulendo wa tsiku ndithu pa phiri la Mulanje, ndipo apo sitinawerengere tchipisi ndi botolo la zoziziritsa kukhosi.

Musandimve molakwa, mphamvu m'chakudya si poizoni. Ambiri a inu mumayenda mtunda wautali kupita kusukulu, ena mumalowa m'kalasi m'mimba muli pululu, ndipo vuto lanu ndi kuchepa kwa ma joule, osati kuchuluka. Mbale ya nsima nayonso ili ndi mphamvu zambiri. Nkhuku yokazinga ine ndimaikonda, mwezi ukatha ndimadya. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi. Kampani ikakugwira uli ndi zaka 15 n'kukuphunzitsa kuti chakudya chapamwamba ndi chija chili m'bokosi, chamafuta, mchere ndi shuga wambiri, pamene nyemba ndi bonongwe ndi zachimidzi, yapeza kasitomala wa zaka makumi anayi zikubwerazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2023 olimbikitsa maboma kuti akhazikitse malamulo oteteza ana ku malonda a zakudya zotere. Dziko la Chile linayamba kale mu 2016: zakudya zochuluka shuga, mchere kapena mafuta zimamatidwa chizindikiro chakuda, ndipo siziloledwa kugwiritsa ntchito zidole ndi makatuni pokopa ana. Ku Britain nako anakonza lamulo loletsa kutsatsa zakudya zoterezi pa TV isanakwane 9 koloko usiku, komanso kutsatsa kolipira pa intaneti.

Taonani mawu akuti kolipira. Lamulo likhoza kuletsa kampani kugula malo pa foni yanu. Koma mnzanu wa m'kalasi akakutagani mwa kufuna kwake, ndani walipira? Ndani angamangidwe? Khomo limeneli ndi lovuta kulitseka ndi lamulo, ndipo otsatsa malonda anazindikira zimenezi kale kwambiri, mwina kuyambira masiku a Whopper aja.

Maganizo anga ndi akuti musachite manyazi ndi anzanu a pa intaneti, ndipo akuluakulu akamati onsewo ndi abodza muziwauza za Granovetter mwaulemu. Mtsikana wa ku Mzuzu amene mumatumizirana naye mapepala a mayeso akale a MSCE pa WhatsApp ndi mnzanu ndithu, ngakhale simunagwiranepo chanza. Koma musamuwerengere m'gulu la anthu 4 aja, ndipo musamugwiritse ntchito ngati ndalama yogulira mwayi umodzi pa 1,000. Ngati nkhuku mwailakalaka, sungani ndalama ya bandulo ya masiku angapo mukagule, mudye mwamtendere. Ngati mwadya ndipo yakoma, uzani anzanu, pamenepo mukunena zoona.

Mphwanga sanapambane. Anapambana munthu wina amene palibe aliyense pakhomo pano akumudziwa, ndipo Lolemba tsambalo linaika mpikisano wina, ulendo uno wotaga anthu khumi. Wandilonjeza kuti dzina langa saliikanso, ngakhale ndaona kuti waika la amayi ake.

A Fomu 3 ndi Fomu 4 amene ndimakuphunzitsani, Lachisanu mubwere ndi izi m'makope. Pezani mpikisano umodzi wotere pa tsamba lililonse. Lembani mtengo wa mphoto mu makwacha, muwerenge kuti apikisana ndi anthu angati ndipo aliyense wataga angati, kenako mupeze kuti mwini malondawo walipira ndalama zingati pa dzina lililonse lotagidwa. Muonetse njira yonse, ndipo mayunitsi a yankho lanu musaiwale, ndidula mamalikisi.